Mayi Felista Nambewe ndi Masamba a Pamsewu

Amene anafika pa maliro a Mayi Felista Nambewe mwezi wa Febuluwale chaka chino cha 1991 anadabwa kuona njinga zambiri zitatsamira pamitengo, eni ake ali amayi. Ena anafunsa ngati malemuwo ankagulitsa njinga. Ayi, sanagulitsepo ngakhale sipoko imodzi. Anali mlimi wamba wa chimanga ndi mtedza, wosatha kulemba dzina lake, amene anakhala yekha zaka zambiri m'nyumba yaudzu ku Mphanda, kuseri kwa mapiri a Malomo. Tikulemba mbiri yawo m'kalata ya parishi ino kuti odabwawo adziwe, ndi kuti ife amene tinkawaseka tichite manyazi pang'ono.

Felista anabadwa m'chaka cha 1931. Kuchokera ku Mphanda kufika ku mishoni ndi ulendo wa maola asanu wapansi, wokwera ndi kutsika, ndipo pakati pali mtsinje umene sumva za munthu nthawi ya dzinja. Ali ndi zaka khumi ndi ziwiri anayenda njira imeneyi sabata ndi sabata kukaphunzira katekisimu, chinangwa chophika atamanga pansalu. Atabatizidwa sanaleke kuiyenda. Kuyambira utsikana wake ankakonda kunena kuti, "Mulungu sali kutali, koma ansembe ake ndiwo ali kutali." Anthu ankaseka, osadziwa kuti mawu amenewa adzakhala katundu wa moyo wake wonse.

Anakwatiwa ndi a Kalebe, mwamuna wofatsa wochokera ku Mvera, amene anadzakhala chikamwini ku Mphanda n'kutsatira mkazi wawo ngakhale kutchalitchi. Ana awo awiri oyamba anamwalira asanayambe kuyenda. Wachitatu, Anjelina, anakula, ndipo anali diso la mayi ake. M'chaka cha 1965 a Kalebe anapita ku migodi ya ku Joni, nabwerako patatha zaka ziwiri ndi njinga yakuda yonyezimira, ya belu lomveka kutsidya kwa dambo. Atafuna kupitanso, anaimangirira ndi chingwe ku denga la nyumba, nati, "Musabwereke munthu aliyense, aNambewe. Ndidzaitsitsa ndekha." Makalata anabwera kwa zaka ziwiri, kenako zii. Ngati anafera kumeneko kapena anangotchona, palibe amene anadziwa. Mayi Felista anasunga mawu a amuna awo, ndipo njinga inakhala ku denga ikudya mwaye.

Mwezi wa Malichi 1973 Anjelina anadwala malungo aakulu. Tsiku lachitatu m'mawa anatsegula maso n'kunena momveka bwino kuti, "Amayi, ndiitanireni ansembe." Tsiku limenelo amuna onse a m'mudzi anali atakwezedwa lole kupita ku msonkhano wa chipani ku boma, pakuti masiku amenewo ku msonkhano sikunali kokana. Panalibe wopalasa njinga. Mayi Felista anayang'ana ku denga, anayang'ana mwana wawo, namanga chitenje n'kuuyamba wapansi. Anathamanga pamene ankatha kuthamanga. Anafika ku mishoni dzuwa litapendeka, ndipo wansembe anawakweza pa njinga yake yamoto.

Kuno kwathu munthu akamwalira, adzukulu, anthu aja okumba manda, amathyola masamba aawisi n'kuyala pamsewu mbali zonse ziwiri za mudzi. Wachipewa amavula, wanjinga amatsika n'kumakankha mpaka atadutsa masamba achiwiri. Palibe amene anaphunzira zimenezi kusukulu, koma palibenso amene sazidziwa. Polowa m'mudzi wa Mphanda pali mkuyu waukulu. Atafika pamenepo, wansembe anazimitsa njinga yake. Pansi pa mkuyu panali masamba, oikidwa ndi nkhalamba ziwiri zimene zinatsala m'mudzi.

Imfa ya mwana inawapweteka Mayi Felista monga imapwetekera mayi aliyense. Koma chimene chinawadya mtima zaka zonse n'chakuti Anjelina anapempha chinthu chimodzi chokha, ndipo anapita osachilandira, mayi ake ali m'njira. Wansembe anawatonthoza kuti chifundo cha Mulungu sichidalira liwiro la munthu. Iwo anavomera, koma anati, "Njinga inalipo, Bambo, miyendo ndinali nayo. Chinasowa n'chiyani?"

Mvula itatha anatenga mpeni n'kudula chingwe chija. Matayala anali atauma, ndipo anaikankha mpaka ku Malomo kwa wokonza njinga wa pansi pa mtengo. Wokonzayo anafunsa kuti njingayo ndi ya yani. Anati ndi yawo. Anafunsanso kuti wopalasa ndani.

"Ine ndemwe," anatero Mayi Felista, "mukangondionetsa pamene pali mabuleki."

Anali ndi zaka makumi anayi ndi ziwiri. Anaphunzira okha ku dambo mwezi wa Okutobala, opanda wowagwirira, ndipo dambo limenelo linawadziwa mawondo ndi zigongono. Njinga inali yachimuna, ya chitsulo chopingasa pakati, chimene iwo ankachitcha mtanda. Buluku kwa mkazi linali loletsedwa ndi lamulo, ndiponso iwo sakanalivala ngakhale likanaloledwa. Anapeza njira yawo. Ankamanga chitenje ndi mapini atatu, n'kugoneka njinga pansi, kuidumpha mwaulemu, kenako n'kuidzutsa. Wina akawafunsa ngati chitsulocho sichiwavuta, ankayankha kuti, "Aliyense ali ndi mtanda wake. Wanga ndi wachitsulo, ndipo uli ndi belu."

Pakamwa pa anthu sipanachedwe. Ena anati popeza mwamuna anatchona, mayiyu wafuna kusanduka mwamuna yekha. Ena, oipa mtima koposa, anati akupita ku Malomo kukasaka amuna. Mawu amenewa anawaliza, sitingabise. Koma anthu omwewo, matenda akakula m'nyumba mwawo, ankatuma mwana kukagogoda kwa aNambewe. Ulendo wa maola asanu unasanduka wa maola awiri. Anaitana ansembe kwa odwala osawerengeka, anatenga amayi oyembekezera pa kaliyala kupita nawo kuchipatala, ndipo sanafunsepo ngati wodwalayo ndi wa mpingo uti. Khadi la chipani ankalisunga m'kathumba kamodzi ndi korona, pakuti panjira zonse ziwiri zinali zofunika.

Cholakwa chawo chachikulu chinachitika m'chaka cha 1978, tsiku Lachisanu. A Agustino, nkhalamba imene inasiya masakramenti kwa zaka makumi awiri, inali kutsirizika ndipo inalira kuti ikufuna kulapa. Mayi Felista ankadziwa kuti Lachisanu dzuwa likafika pamutu wansembe amanyamuka kupita ku matchalitchi a kumidzi, osabwerako mpaka Lolemba. Njira ya ku mishoni imadutsa pakati pa mudzi wa Sankhani, mudzi wautali wotsata msewu. Atafika kumeneko anapeza masamba. Kutsika kunatanthauza kukankha mudzi wonsewo, ndi kukhala pansi pang'ono kupepesa anamfedwa monga mwa mwambo. Anayang'ana dzuwa. Anakumbukira mkuyu uja. Anaweramitsa mutu, napalasa kudutsa pakati pa anthu olira.

Anapeza wansembe atakwera kale pa njinga yake yamoto, ndipo a Agustino anamwalira madzulo ake atalapa. Koma maliro a ku Sankhani aja anali a kamtsikana ka zaka zinayi, mwana woyamba wa mayi wina dzina lake Roza. Roza anali atakhala pakhonde pafupi ndi mtembo, ndipo anaona ndi maso ake mkazi mnzake akudutsa pa njinga ngati palibe chimene chachitika.

Mlandu unazengedwa patatha masiku atatu. Mkulu wa adzukulu a ku Sankhani, a Mose, anaimirira mokwiya.

"Mayi inu, njinga yanuyo ndi yoposa mwana wa munthu? Inunso munaika mwana m'manda, tinakutsikirani. Tsiku lanu likubwera. Tidzaona amene adzakutsikireni."

Mayi Felista sanadziteteze. Anagwada, napereka mbuzi imodzi yokhayo imene anali nayo. Wansembe atafuna kupita kukawalankhulira, anamukaniza. "Ndinalakwadi, Bambo," anatero. "Chondimvetsa chisoni n'chakuti mutandibwezera tsiku lija, ndikhoza kulakwanso."

Mbuzi inathetsa mlandu pabwalo, koma sinauthetse m'mitima. Dzina lawo linasanduka "aja anadumpha masamba." Kuchitsime nkhani zinkaduka iwo akafika. Pa maliro, pamene amayi amakhala mothinana, pambali pawo pankatsala malo. Ngakhale m'tchalitchi, tinene zoona, benchi lawo silinkadzaza. Anali okha kumunda, okha podya, okha popemphera korona madzulo pakhonde. Lole ikaima pa mkuyu ankatuluka kukayang'ana ngati a Kalebe atsika, ngakhale patapita zaka khumi. Kusungulumwa kwawo kunali kwenikweni, ndipo sanayese kukubisa ndi nthabwala nthawi zonse.

Kuyambira tsiku la mlandu, nthawi iliyonse akafika ku Sankhani ankatsika pamalo pamene panali masamba oyamba, n'kukankha njinga mudzi wonse mpaka pamene panali achiwiri. Kaya kuli maliro, kaya kulibe. Pokhapokha akathamangira ansembe ndi pamene ankadutsa atakwera. Ana ankawaseka, akulu ankati ndi misala. Anachita zimenezi zaka zisanu ndi chimodzi, akudutsa pakhomo pa Roza, akupereka moni wosayankhidwa.

Tsiku lina m'chaka cha 1984 Roza anali kusenda mtedza pakhonde. Analephera kupirira.

"Kodi amayi, mumatsikiranji pamene palibe maliro?"

"Ndikubweza ulemu umene ndinaba pakhomo panu," anayankha Mayi Felista. "Sindidziwa kuti udzakwanira liti. Mudzandiuza ndinu."

Roza anasiya mtedza uja. Analowa m'nyumba, natuluka ndi chikho cha thobwa.

Chaka chotsatira parishi yathu inalandira njinga zisanu ndi zitatu kuchokera kwa akufuna kwabwino, kuti amayi a m'miphakati, timagulu ta akhristu a m'midzi, aziyendera odwala. Zinali zachikazi, zopanda chitsulo chapakati. Mayi Felista ataziona anati, "Zopanda mtanda izi zidzafika kumwamba?" Vuto linali lakuti mwa amayi onse a kumapiri kuno, wodziwa kupalasa anali mmodzi yekha, yemwe uja wa benchi losadzaza. Akuluampingo anameza malovu n'kupita kukawapempha.

Lachitatu lililonse masana, pabwalo la tchalitchi cha ku Mphanda, panayamba chimene anthu anachitcha sukulu ya aNambewe. Kunabwera amayi khumi ndi mmodzi, ndi nkhalamba ziwiri zachimuna zimene zinaleka kupalasa kalekale n'kumanama kuti zangodzaonerera. Roza anali woyamba kulembetsa. Mayi Felista ankagwira chishalo kumbuyo n'kumathamanga, mpango utagwa, akufuula kuti, "Musayang'ane tayala! Yang'anani kumene mukupita!" Anawaphunzitsa kumata chubu, kubwezera tcheni, ndi kumanga chitenje ndi mapini. Phunziro lomaliza linali limodzi nthawi zonse: "Mukaona masamba, tsikani. Musatengere ine." Zaka ziwiri zimenezo ndizo zokha zimene tinawamva akuseka mokweza.

Sizinakhalitse. Nyengo ya fodya itafika, abambo anayamba kubwereka njingazo, mawa ndibweza, mawa ndibweza. Njinga zoyendera odwala zinayamba kusenza matumba a feteleza, ndipo abambo amene ankati njinga yachikazi ndi yochititsa manyazi anaiwala manyazi awo. Kenako Roza anagwa pa msika wa Malomo. Chitenje chinakodwa mu tcheni n'kumasuka pamaso pa anthu, ndipo amuna anaseka mpaka kugwira m'mimba. Mwamuna wake anati zanjinga zithere pomwepo. Roza mwiniwake sanafunenso kuiona njinga. Amayi ena anayamba kujomba mmodzimmodzi.

Chaka chonse cha 1988 Mayi Felista ankafikabe pabwalo la tchalitchi Lachitatu masana. Ankaimika njinga, n'kukhala pa chitsa, n'kudikira. Dzuwa likapendeka ankalowa m'tchalitchi kupemphera, n'kubwerera kwawo. Ambiri a ife tinkawaona tikudutsa, ndipo tinkafulumira kuyang'ana kumbali.

Mawondo atayamba kukana, analeka kupalasa. Koma njinga sanaibwezere ku denga. Inkakhala pafupi ndi chitseko, ndipo Loweruka lililonse ankaipopa ndi kuthira mafuta mu tcheni. Ankati, "Inagona kamodzi, zinakwana."

Mwezi wa Febuluwale chaka chino chifuwa chinawagwetsa. Roza anabwera wapansi kuchokera ku Sankhani, nakhala nawo masiku atatu akuwaphikira phala. Tsiku lachinayi m'mawa, mvula itagwa usiku wonse, Mayi Felista anamugwira dzanja.

"Roza, mwana wanga, ndikuopa."

"Musaope, amayi, Mulungu alipo."

"Imfa sindikuiopa ayi. Ndikuopa kupita ngati Anjelina."

Aka kanali koyamba kuti apemphe kanthu kwa munthu. Roza anazungulira mudzi wonse kufuna woti akaitane ansembe. Njinga ziwiri za m'mudzimo zinali zakufa, yachitatu mwini wake anapita nayo ku esiteti. Anyamata anayang'ana matope n'kunena kuti mtsinje wadzaza, adikire mawa. Roza anabwerera, naima pakhomo akuyang'ana njinga yakuda ija. Anali asanapalase zaka zinayi, ndipo ya mtanda anali asanaikwerepo. Anatenga mapini atatu pa zenera. Anaigoneka njingayo pansi, anaidumpha, naidzutsa.

Anagwa kawiri asanatuluke m'dambo. Atafika ku Sankhani, kwawo kwenikweni, pamsewu panali masamba. Nkhalamba ina inali itamwalira m'bandakucha, iye ali ku Mphanda. Anthu onse a m'mudzi anali pamenepo, mwamuna wake ali pakati pawo. Roza anagwira mabuleki, naponda pansi. A Mose, tsopano okalamba ndi oyendera ndodo, anayandikira. Anaizindikira njingayo asanamuzindikire wokwerapo.

"Mukupita kuti ndi njinga ya aNambewe?"

"Ku mishoni, agogo. Akufuna ansembe. Sindikudziwa ngati afika madzulo."

Roza anayamba kutsika. A Mose anayang'ana matope a pa mawondo ake. Kenako anawerama movutikira, nagwira nthambi zija n'kuzikokera pambali.

"Kwerani, mayi. Mlandu umenewu unalipidwa kale, ndipo unalipidwa mopitirira."

Roza anadutsa m'mudzi mwawo atakwera, misozi ikutsika. Pa mtsinje mlatho unali utamira. Anasenza njinga paphewa n'kuwoloka, madzi ali m'chiuno. Ku mishoni anapeza Bambo Reinford, wansembe wathu wachinyamata, amene anatenga mafuta oyera ndi Ukaristia nthawi yomweyo. Njinga yamoto ya Bambo inathera pa mtsinje. Anaisiya pamenepo, nawoloka wapansi, Roza atasenzanso njinga yakuda ija. Bambo anayesa kupalasa m'matopemo, koma anakulira m'tauni, ndipo atagwetsa onse awiri m'chimanga cha eni ake, Roza anati, "Pepani Bambo, khalani pa kaliyala." Motero anthu a kumapiri anaona chimene sanachionepo, mkazi akupalasa, wansembe ali kumbuyo atakumbatira kachikwama.

Pokwera ankatsika n'kukankha, potsetsereka Roza sankagwira mabuleki. Njira yonse maganizo ake anali pa mkuyu, pakuti nkhani ya Anjelina ankaidziwa bwino. Atakhota pa phiri lomaliza anatong'ola maso kuyang'ana pansi pa mtengowo. Panali matope ndi mapazi a mbuzi basi.

"Bambo, gwiritsani!" anafuula. "Masamba kulibe!"

Mayi Felista anamva belu lawo likulira kuchokera ku mkuyu. Analapa, anadzozedwa mafuta a odwala, nalandira Ukaristia, kamba wa paulendo, dzuwa lisanalowe. Atatha, anakodola Roza.

"Ndamva kuti ku Sankhani kwagwa maliro. Unatsika?"

"Ayi, amayi. A Mose anachotsa masamba okha. Akuti mlandu unatha kalekale."

Mayi Felista anatseka maso, misozi inatuluka, koma pakamwa pankamwetulira. "Ndiye kuti wakwanira," anatero. Anamwalira m'mawa mwake dzuwa litangotuluka, korona ili m'manja, Roza ali pambali pawo.

Masamba a pa mkuyu anadzayala a Mose, ngakhale kuti Mphanda si mudzi wawo. Anakhala pa muzu wa mtengowo tsiku lonse la maliro. Njinga za parishi zisanu ndi zitatu zija zinatulukira, zina zopanda belu, zina zomangidwa ndi mphira, amayi atazilanda kwa amuna awo osapempha. Kunabwera ndi ena ambiri amene malemuwo anawaitanira ansembe kapena kuwatengera kuchipatala. Aliyense ankatsikira kutali, masamba asanawafike n'komwe, n'kumakankha mwakachetechete.

Sukulu ya Lachitatu yayambanso, ndipo wogwira chishalo ndi Roza, pa njinga yakuda ya mtanda. Amayi amene akufuna kuphunzira, ndi amene analeka, abwere ndi mapini atatu. Ambuye awapatse Mayi Felista mpumulo pamodzi ndi Anjelina wawo, ndipo atikhululukire ife chifukwa cha benchi lija.

Tsiku la maliro lija, anthu atabalalika, Bambo Reinford anapeza a Mose adakali pansi pa mkuyu, nawafunsa chifukwa chake sanapite kumanda.

"Ndinafunsa funso zaka khumi ndi zitatu zapitazo, Bambo," inatero nkhalambayo. "Ndinati tidzaona amene adzawatsikire. Ndinakhala pano kuti ndione."